Mmene timayezera mphamvu yotayika m'chimbudzi cha amayi athanzi

Mphamvu ina ya m'chakudya silowa m'thupi, imatuluka ndi chimbudzi. Kuti tidziwe kuchuluka kwake timachiwotcha m'makina, koma zolakwika zambiri zimachitika potolera.

Ndimayamba ndi kufunsa za msambo. Mayi akakhala kumwezi sinditolera, chifukwa magazi akagweramo amawonjezera mphamvu yosachokera ku chakudya. Chakudya chake timakonza pawiri n'kupima pa sikelo: mbale ina amadya, inayo timasunga kuti tidzaiwotchenso. Zimene wasiya timapima n'kuchotsera.

Pa chakudya choyamba amameza kapisozi wa utoto wosalowa m'magazi, monga brilliant blue, ndipo pakatha masiku 3 amameza wina. Timasunga chimbudzi chonse kuyambira pamene utoto woyamba waonekera, n'kulekeza wachiwiri ukatuluka. Wodzimbidwa timamudikira, sitimupatsa mankhwala otsegula m'mimba. Akataya kamodzi kokha osatiuza, zotsatira zimanama kuti thupi latenga zambiri. Mkodzo nawo usalowemo, popeza uli ndi urea, zinyalala zimene thupi limataya mumkodzo, yomwe imayaka n'kuwonjezera mphamvu.

Chilichonse chobwera chimapimidwa n'kuikidwa mufiliza pa -20°C msanga, chifukwa pofunda mabakiteriya amapitiriza kudya zotsalazo. Kenako timasakaniza chonse mpaka chifanane, n'kuchiumitsa ndi freeze dryer, makina ochotsa madzi chinthu chili chozizira kwambiri. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi amakhala madzi, choncho timalemba kulemera kwake chisanaume komanso chitauma. Uvuni sindiukonda pa ntchitoyi: kutentha kumauluza timafuta tina timene mabakiteriya amapanga.

Ufa wouma wokwana galamu imodzi timaufinya kukhala kapiritsi, n'kukaika pakambale mu bomb calorimeter, chitsulo chotsekeka chomizidwa m'madzi chimene timawotcheramo. Timapoperamo okosijeni wokwana ma atmosphere 30 (kupanikiza koposa kwa mpweya wapanja ka 30) kapena kuchepera pang'ono, n'kuyatsa ndi kawaya. Madzi ozungulira chitsulocho amafunda, ndipo kukwera kwa kutenthako ndiko kumatipatsa mphamvu. Makinawo timayamba tawayesa ndi benzoic acid, mankhwala odziwika kale kuti amapereka 26.45 kJ (makilojulo, muyezo wa mphamvu) pa galamu. Kutentha kochokera ku kawayako timachotsera. Mukaona mwaye m'kambale, sichinapse chonse, bwerezani. Sampulo iliyonse timaiwotcha kawiri.

Powerengera, timachulukitsa kJ za pa galamu ndi kulemera kwa chouma chonse, n'kugawa ndi mphamvu ya chakudya chodyedwa. Kwa munthu wathanzi nthawi zambiri sizipitirira 10 peresenti, ngakhale zimakwera akamadya mtedza wosasinja kapena zagaga zambiri. Mbali ina ya mphamvuyi ndi ya mabakiteriya eni ake ndi maselo ofundudwa m'matumbo, ndipo makinawa sasiyanitsa zimenezi ndi chakudya chosagayika.