Buloku ya DZ yapezeka kuti ndi ya 1974, ntchito pa Camaro yaima kaye

Ntchito pa Camaro ya 1969 yaima kaye. Buloku (thunthu la injini) imene inabwera ndi galimotoyi, yodindidwa V0522DZ pa padi yake (kamalo kosalala kodindapo manambala a injini), si DZ ayi. V ndi fakitale ya injini ya ku Flint, 0522 ndi deti lomangira la 22 May, ndipo DZ ndi chizindikiro cha injini ya 302 ya mu Camaro Z/28 ya 1969. Ndi buloku ya 350 ya mu 1974 imene wina anaipala pamwamba n'kuidinda manambala atsopano. Ogulitsa analumbira kuti injini sinatulukepo m'galimoto chichokereni ku fakitale, ndipo n'kutheka kuti nawonso anapusitsidwa ndi amene anawagulitsa. Zimenezo tizisiye. Anzanga amene mukusaka Z/28, Camaro yopangidwira mpikisano, kapena injini ya 302, nazi malo amene chinyengo chimabisala.

Chevrolet inapanga ma Z/28 okwana 602 mu 1967, 7,199 mu 1968 ndi 20,302 mu 1969. Injini ya 302 inabadwa chifukwa malamulo a mpikisano wa Trans-Am sankalola injini kupitirira ma cubic inch 305, ndiye anatenga bore (kukula kwa silinda) ya mainchi 4.00 ngati ya 327 n'kuikamo stroke (mtunda umene pisitoni imayenda) ya 3.00 ngati ya 283. Papepala analemba mahatchi 290, koma aliyense amene anaimvapo ikulira cha m'ma 7,000 rpm amadziwa kuti nambalayo anaichepetsa. Vuto ndi lakuti VIN, nambala ya galimoto ya ku fakitale, sinena kuti galimoto ndi Z/28. Kuyamba ndi 12437 kumangotanthauza coupe ya V8, basi. Mizere ya penti ndi mabaji zimagulidwa zatsopano. Umboni weniweni uli pa chitsulo.

Padi ili kutsogolo kwa hedi ya kumanja, mbali ya pasenja, ndipo pa 1969 alternator imaiphimba. Musayerekeze kuipala ndi sandpaper kapena waya wa pa drill, mungafafanize umboni womwe mukufuna. Pakani paint stripper, dikirani, pukutani ndi kansalu ka thinners, bwerezani mpaka chitsulo chionekere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako zimitsani magetsi a m'garaja, muunike ndi tochi chogonekera m'mbali kuti kamzere kalikonse kachite mthunzi. Padi ya ku fakitale imakhala ndi timizere towongoka toyenda kuchokera kutsogolo kulowera kumbuyo kwa injini, tosiyidwa ndi makina a broach. Pa buloku iyi pali timizere tokhota ngati uta, ta makina a ku engineering opalira buloku, ndipo pamwamba pake wina anadutsitsapo belt sander kuti pakhale ngati pali mizere yowongoka. Mizere ya sander imazama pakati n'kuzimiririka m'mphepete, ndipo sipitirira kulowa pansi pa hedi. Hedi itachoka zinaoneka poyera: imathera pomwe gasiketi imayambira. Deck height (mtunda wochokera pakati pa crankshaft kufika pamwamba pa buloku) ya small block, mtundu wa ma V8 a Chevrolet amenewa, ndi mainchi 9.025, iyi yayeza 9.005.

Manambala a pa padi iyi adindidwa limodzilimodzi. Ku Flint ankawamanga onse m'chogwirira chimodzi n'kumenya kamodzi, choncho amakhala pa mzere umodzi, motalikirana mofanana, ngakhale ena atuluke mozama pang'ono kuposa anzawo. Apa Z wakwera m'mwamba, ndipo ma 2 awiriwo ndi ofanana ngati mapasa chifukwa ndi panchi imodzi inamenyedwa kawiri.

Chimene chinadya nthawi ndi casting number, nambala yotukuka ija ya kumbuyo kumanzere pomwe bellhousing imamangidwira. Ndi 3970010, ndipo nambala imeneyi ndi yoona ndithu pa DZ. Mu 1969 ma 302 anagwiritsa ntchito 3932386, kenako 3956618, kenako 3970010 chakumapeto. Munthu ukaona 010 (chidule cha 3970010) pa injini ya mwezi wa May mtima umakhala pansi. Koma 010 yomweyo inapitirira pa ma 350 zaka zonse za m'ma 1970, m'magalimoto wamba ndi m'mabaki omwe, ina ya 2-bolt ina ya 4-bolt (chiwerengero cha mabawuti pa zomangira crankshaft). Kupeza 4-bolt mukachotsa sampu sikutsimikiza kanthu. Chimene chimadula mlandu ndi deti la casting, tsiku limene chitsulo cha buloku chinathiridwa m'chikombole, kumbuyo komweko mbali ya kumanja, pomwe injini ikakhala m'galimoto mumafika ndi kagalasi kokha. Linali litakwiririka ndi girizi wakale ndi penti ya orange yokhuthala. Litayera linawerengeka F 12 4. A ndi January, ndiye F ndi June, tsiku la 12, chaka chothera ndi 4. Mu 1964 kunalibe 010, ndiye ndi 1974. Buloku siingamangidwe pa 22 May 1969 chitsulo chake chisanathiridwe m'chikombole. Deti la casting liyenera kutsogola, kawirikawiri ndi masiku kapena masabata ochepa. Akathyali ena amapala detilo n'kuumba lina ndi epoxy, ndiye likandeni ndi kansonga ka chitsulo muone ngati likufewa. Uyu sanavutike n'komwe.

Dial gauge inamaliza nkhani: stroke ndi 88.4mm, imene ndi 3.48 ya 350, pomwe 302 imayenera kupereka 76.2mm. Crankshaft ili ndi kamzere kopyapyala ka cast, osati mzere wotakata wa forged.

Chowawa n'chakuti zapamwamba zonse ndi zenizeni. Manifold ya aluminiyamu ndi 3932472, kabureta ndi Holley List 4053, mahedi ndi 3927186 a mavavu a 2.02. (Yezani mavavuwo, chifukwa 186 inabweranso ndi 1.94 pa 350 ya mahatchi 300. Ndi 51.3mm poyerekeza ndi 49.3mm.) Ndipo injiniyi imalira bwino, oilo presha ili bwinobwino, siponya utsi.

Abale amene timapemphera limodzi mwaona kale kumene nkhaniyi ikulowera. Chiphunzitso chonyenga sichibwera ndi vesi lopeka. Vesilo limakhala lenileni ngati 3970010, koma lachotsedwa pa malo ake. Tengani Masalimo 105:15, lija loletsa kukhudza odzozedwa a Mulungu, limene limatulutsidwa msangamsanga munthu akangofunsa kuti ndalama za mpingo zikupita kuti. Yambani kuwerenga pa vesi 8. Akunena za Abrahamu, Isaki ndi Yakobo, pamene anali anthu ochepa, alendo oyendayenda m'mayiko a eni, ndipo Mulungu anadzudzula mafumu chifukwa cha iwo, monga pa Genesis 12 ndi 20. Ndi chitetezo cha ofooka kwa amphamvu, osati chishango cha mtsogoleri kuti asafunsidwe. Paulo anatsutsa Petro pamaso pa anthu ku Antiokeya, pa Agalatiya 2, ndipo panalibe amene anati wakhudza wodzozedwa. Ngakhale Satana m'chipululu, pa Mateyu 4, anatchula Masalimo 91 polimbikitsa Yesu kuti adziponye pansi.

Njira yoyesera ndi yomweyo ya m'garaja. Werengani chaputala chonse. Funsani kuti akulankhula ndani, kwa yani, pa nthawi iti. Kenako yerekezani ndi malo ena. Malaki 3:10 akulankhula kwa Aisraele obwerako ku ukapolo za chakudya cha m'nyumba ya Mulungu, ndipo akamakuuzani kuti ndi mtengo wogulira machiritso, tsegulani 2 Akorinto 9:7 pomwe munthu apereka monga watsimikiza mumtima, osati mokakamizidwa. Tsegulaninso Machitidwe 8, muone mmene Petro anamuyankhira Simoni wamatsenga atatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu. Madzi a m'botolo, mafuta ndi zomata pa galimoto zogulitsa pa tebulo la kumbuyo kwa tchalitchi sizidutsa pa chaputala chimenecho. Anthu a ku Bereya, pa Machitidwe 17:11, ankafufuza malemba tsiku ndi tsiku ngakhale wolalikirayo anali Paulo mwini wake, ndipo Luka anawayamikira. Mlaliki wokwiya chifukwa mwatsegula Baibulo ndimamuika gulu limodzi ndi wogulitsa wokana kuti mupukute padi.

Mfundo yovuta kwa ambiri ndi ya "koma zikugwira ntchito". Deuteronomo 18:22 tonse timaidziwa, kuti ulosi ukapanda kuchitika sunachokere kwa Yehova. Koma Deuteronomo 13 imapitirira pamenepo: ngakhale chizindikiro chichitikedi, mneneriyo akamakokera anthu kwa milungu ina, asamveredwe. Mateyu 7:22-23 akunenanso za anthu ochita zozizwitsa m'dzina la Yesu amene iye adzawakana. Kuno ku South Africa tinaona mbusa ku Limpopo mu 2016 akupopera anthu Doom kumaso, khoti n'kumupeza wolakwa mu 2018, ndipo bungwe la CRL, loona za ufulu wa zipembedzo, zikhalidwe ndi zilankhulo, linatulutsa lipoti lake la malonda a m'zipembedzo mu 2017. Koma za Doom ndi zosavuta kuzindikira, ndi baji ya Z/28 yomata pa Camaro ya masilinda 6. Choopsa ndi ulaliki umene mbali zake zambiri ndi zoona, nyimbo zabwino, mavesi enieni, pomwe pansi pake Khristu wasanduka njira yopezera mapepala, ntchito ndi ukwati. Tisapitirirenso malire n'kumatcha wonyenga aliyense wosiyana nafe pa nkhani ya ng'oma kapena kavalidwe. Pa 1 Atesalonika 5:20-21 akuti tisanyoze maulosi, tiyese zonse, tisunge zabwino. Mahedi a 186 aja sakutayidwa.

Tibwerere ku galimoto: bodi ikulonjeza zabwinoko. Cowl tag, kachitsulo ka manambala a bodi ka pa firewall, ili ndi X77, ndiyo Z/28 yopanda style trim (X33 ndi yokhala nayo). Ma X amenewa anayamba ku fakitale ya ku Norwood cha m'ma December 1968, ndipo magalimoto a ku fakitale ya ku Van Nuys alibe, choncho kusowa kwa X pakokha si umboni wa chinyengo. Matagi nawonso amapangidwa atsopano, ndi marivet omwe, ndiye VIN yobisika pansi pa cowl panel ndi ina pafupi ndi bowo la heater blower ziyenera kugwirizana ndi ya pa dashi. Ya pansi pa cowl yagwirizana. Paipi ya petulo ndi imodzi ya 3/8 yopanda yobwerera, mabuleki akutsogolo ndi a disc, diff ndi 12-bolt. Giyabokosi ya Muncie sinatsukidwebe kuti VIN yake ioneke. Z/28 ya 1969 sinatuluke ndi automatic kapena aircon, ndiye mukaona mabowo a aircon a ku fakitale pa firewall, bwezani ndalama m'thumba.

Wina anandinong'oneza kuti ndisake injini ya Firenza Can Am. Zoona, mu 1973 General Motors ya ku Port Elizabeth inapanga 100 zokha zokhala ndi 302 ya mtundu wa Z/28, maganizo a Basil van Rooyen, kuti zikalimbane ndi Capri Perana ya Basil Green. Koma aliyense wokhala ndi small block yadzimbiri kuseri kwa nyumba amati inachoka mu Can Am, ndipo ikanakhala yeniyeni malo ake ndi mu Can Am momwemo. Pa manambala ndimadalira Camaro Research Group kuposa nkhani za pa Facebook. Zipangizo za injini, Summit Racing sinandikhumudwitsepo, za bodi ndi Classic Industries, kungoti mtengo wotumizira ndi msonkho zimaluma, ndiye ndi bwino kuphatikiza oda ndi anzanu.

Maganizo tsopano ndi omanga 302 pa buloku yomweyi ya 010: crankshaft ya forged ya 3.00 ya large journal, ma rod a 5.7, mapisitoni a 302 enieni chifukwa a 350 angatsalire pansi m'silinda. Popeza deck yatsika ndi 0.020, gasiketi iyenera kusankhidwa pisitoni itayezedwa, kuti quench, mpata wa pakati pa pisitoni ndi hedi, ikhale cha pa 0.040. Compression ya 11:1 pa petulo wa 95 ikundikayikitsa, ngakhale kukwera kwa Johannesburg, mamita pafupifupi 1,750, kumathandizako. Cam ikhala 30-30 ya solid, oilo wa zinc wambiri, ndipo poiliza koyamba mphindi 20 mpaka 30 pa 2,000 kufika 2,500 rpm osaisiya pa idle. DZ yabodzayo ipalidwa, padi ikhale yopanda kanthu. Zonse zikayenda, Cars in the Park ku Zwartkops chaka chamawa, mwina ndi manifold ya cross-ram (ya makabureta awiri) pamwamba ngati wina ali nayo ya mtengo wachifundo.