Gilgamesh ndiye mnansi amene ndimamufuna

Mu Civilization VI, gemu yotsogolera dziko ya kampani ya Firaxis yomwe inatuluka mu 2016, palibe mtsogoleri amene ndimakondwa kukumana naye kuposa Gilgamesh wa ku Sumer. Ndi kompyuta ikumuyendetsa, inde, koma ine ndimamuona ngati mnansi weniweni. Ukamupempha ubwenzi mutangokumana, nthawi zambiri amavomera pompopompo, ndipo kwa ma turn 30 (turn ndi mpata umodzi wosewera) sangakuthire nkhondo. Mpata umenewo ndi umene ndimamangira mizinda mtima uli m'malo.

Atsogoleri enawa ndiye amafuna kuwanyengerera. Cleopatra amakuderera ngati asilikali ako ndi ochepa. Harald Hardrada amalemekeza munthu wa zombo zankhondo zambiri. Montezuma amachita nsanje ukakhala ndi katundu wapamwamba amene iye alibe, choncho ndikakhala ndi minyanga ya njovu kapena shuga wotsala, ndimamugulitsa msanga, ngakhale pamtengo wozizira.

Aliyense ndikangokumana naye ndimatumiza nthumwi nthawi yomweyo. Ndi golide 25 basi, koma ukazengereza amatha kudzakukana.

Mgwirizano weniweni umatheka ukafika pa Civil Service, limodzi la masitepe a chitukuko mu gemuyi, ndipo muyenera kukhala kuti ndinu abwenzi kale. Kuyambira pa Rise and Fall, gawo lowonjezera la gemuyi la 2018, ilipo mitundu isanu ya mgwirizano: wa sayansi, wa nkhondo, wa chuma, wa chikhalidwe ndi wa chipembedzo. Ine ndimakonda wa sayansi, chifukwa amalonda anga akamapita kwa mnzangayo amandiwonjezeranso sayansi. Mgwirizanowo ukangotha, ndimaukonzanso turn yomweyo mnzangayo asanasinthe maganizo.