Mpeni wa eni ake unandikanirira ku mzimu

Mpaka lero mayi anga akandiona ndatsegula laputopu usiku amadutsa pakhomo pa chipinda changa kawiri katatu uku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, ndipo zonsezi zinayamba ndi nguluwe imodzi komanso mpeni umene sindinaukhudzepo ndi manja angawa.

Inali 2020, nthawi ya korona ija masukulu atatsekedwa, ine ndili phwii pakhomo ku Chilomoni chochita palibe. Msuweni wanga wa ku Manchester, mwana wa azakhali, anandiimbira nkuti iwe mmalo momangogona ngati mphaka bwera tizimenya World of Warcraft Classic, ya pamwezi ndizikulipirira ine, iwe uzingogula bandulo. Gemuyi ndi yakale, ya 2004, koma mu 2019 eni ake anaibweretsanso mmene inalili poyamba, yopanda chisoni, nthawi zambiri umayenda wapansi ndipo ukafa umabwerera wekha kukatola mtembo wako. Anati usankhe hunter, mlenje, ndi yophweka, olo mbuzi itha kusewera. Mau amenewo anadzawameza yekha.

Ndinasankha dwarf, kamunthu kafupi kandevu mpaka pamchombo, kamfuti m'manja. Ukafika level 10 amakulola kuweta nyama yoti izikumenyera nkhondo, anzanga amatenga zimbalangondo ndi akambuku koma ine ndinatenga nguluwe, chifukwa nyamazi zimafuna kudyetsedwa ndipo ukamaimana imakhumudwa mpaka kukuthawa, ndiye nguluwe sisankha, mkate, bowa, nsomba, tchizi, zonse imangokwapula. Ndinaitcha Kapado. Tinkagwirizana bwino ine ndi Kapado, iye kutsogolo kugunda ine kumbuyo kuombera, mpaka level 19 ndikudziona ngati dolo.

Ndiye tsiku lina msuweni akuti lero tikalowe ku Deadmines. Kwa amene simudziwa, ndi mgodi uli pansi pa mudzi wa Moonbrook ku Westfall, modzaza mbava za Defias, ndipo mkati mwenimweni muli chisitima chapamadzi pamene bwana wawo Edwin VanCleef amakhala. Wekha sungalowemo, pamafunika anthu 5. Pamakhala tank, amene ntchito yake ndi kuputa adani kuti onse azimenya iyeyo, pamakhala healer womupoletsa mabala, ena atatu ndi omenya basi. Msuweni anali tank. Enawo tinachita kuwasaka pa chat pafupifupi ola lathunthu ngati oitanira minibasi, tinapeza priest wa ku Germany wofatsa bwino woti akhale healer, mage (womenya ndi matsenga) wina amene sankalemba liu ngakhale limodzi, ndi rogue (womenya mozemba) wa ku Sweden. Ameneyu tisanalowe nkomwe analemba kuti abale ine kano ndi ka 14 kulowa muno, ndikungofuna mpeni umodzi wotchedwa Cruel Barb umene VanCleef amagwetsa akafa, zina zonse tengani. Ine ndinayankha ok. Kumbukirani ok ameneyu.

Mavuto anayamba pa adani oyambirira omwe. Msuweni akaputa adani, onse akumusiya nkumathamangira Kapado, priest akusowa woti apoletse, msuweni pa WhatsApp akukuwa, iwe tseka Growl! Ine kuti Growl ndi chani? Kani nguluweyo ili ndi kaluso kake kotukwana adani kuti azilimbana nayo, ukakhala wekha nkabwino, koma pagulu ndiye kuti ikulanda ntchito ya tank. Masabata onsewa sindinadziwe kuti kabatani kameneko kamazimitsidwa. Ndinazimitsa. Rogue analemba madontho atatu basi.

Tinagwetsa Rhahk'Zor, tinagwetsa Sneed ndi chimakina chake chodulira mitengo, mtima unayamba kukhala pansi. Kenako tinafika posungunulira zitsulo pamene pali tianthu tobiriwira totchedwa ma goblin tambirimbiri, njira yake yotsetsereka mozungulira kupita pansi. Ine ndili mmphepete kusuzumira, netiweki inachita kakudukiza kaja, ndinadina kutsogolo kawiri, pamene imabwerera kadwarf kanga kali m'malere. Kugwa sindinafe ayi, ndinagwera pakona pamene panalibe mdani ndipo ndinayamba kudziyamikira. Koma Kapado salumpha. Kapado ndi nguluwe yaulemu, anaona kuti bwana ali pansi ndiye anatsata njira yeniyeni, kutsika mozungulira monse muja, kupereka moni kwa goblin aliyense amene anakumana naye. Ndikutembenuka ndikuona Kapado akubwera mosangalala, kumbuyo kwake chinamtindi cha ma goblin ngati anthu akuthamangitsa wakuba mumsika wa Limbe. Ndinathawira kwa anzanga, nanga ndikanathawira kuti? Sipanathe mphindi tonse 5 tili gone.

Ukafa umadzuka ngati mzukwa kumanda, zonse zotuwa, nkuthamanga kubwerera ku mgodi. Anzanga anafika. Ine ndinasochera m'mapanga a panja aja, mzukwa wosochera aise, kuzungulira malo amodzimodzi mphindi 15, msuweni akundilondolera kuti khotera kumanja, kumanja kwako osati kwanga, mpaka anatuluka kudzanditenga ngati mwana wa ku nazale. Rogue anafunsa kuti hunter ameneyu mwamutola kuti. Msuweni anayankha kuti sindikumudziwa. Mwana wa azakhali anga enieni, tinakulira mphasa imodzi ku Ntcheu!

Tinaphulitsa chitseko ndi mzinga, tinafika pa sitima, pali Mr. Smite, ching'ombe chamunthu chimene chikamenyedwa kwambiri chimaponda pansi nonse nkuuma, icho nkupita pa bokosi lake kukasintha zida. Pakatikati pa ndeu mfuti yanga inangoti zii. Zipolopolo zatha. Hunter amayenera kugula zipolopolo asanalowe, ine ndalama ndinali nditathera pa chakudya cha Kapado. Ndinaona kuti ndikanena andithamangitsa, ndiye ndinasolola kankhwangwa kanga nkukaima pambali pa msuweni kumatema miyendo ya Smite mwakachetechete. Priest analemba mwaulemu kuti hunter, bwanji mwabwera kutsogolo? Ndinati ndi njira ina yomenyera.

Mwa chisomo tinakwera pamwamba, Captain Greenskin anagwa, VanCleef anatuluka ndi alonda ake obisala, tinalimbana naye mpaka priest mana, mphamvu zake zopoletsera, kutheratu, koma anagwa. Nthawi ili cha m'ma 2 koloko usiku. Pa sikirini panatulukira kabokosi, Cruel Barb. Rogue analemba zilembo zosamveka chifukwa cha chimwemwe.

Apa mundimvetse bwino musanandiweruze. Katundu akagwa pamabwera mabatani atatu, kadayisi kolembedwa Need, kandalama kolembedwa Greed, ndi X wokana. Usiku wonse ndinkangodina X chifukwa cha manyazi. Pomalizapa ndinati nanenso ndipiteko ndi kanthu kunyumba. Kandalama kaja ndinaganiza kuti ndiye kuti ukugula, ndipo ine ndinalibe olo kobiri. Komanso Greed ndi dyera, ine ndinaleredwa bwino. Kwatsala Need, kusowa, ndipo munthu wopanda chipolopolo ngakhale chimodzi mukamufunsa ngati ali wosowa ayankha chani? Ndinadina kadayisi. Gemu imaponya manambala kuyambira 1 mpaka 100. Rogue 88. Ine 91.

Kunali zii kaye. Kenako mfana wa ku Sweden anayamba kulemba, ndipo chizungu chotukwanira chimene ndinaphunzira usiku umenewo sichili m'buku lililonse la ku sekondale. Ngakhale mage wosayankhula uja analemba liu lake loyamba, ninja, kutanthauza wakuba katundu wa gulu. Ndinati pepani ndikubwezerani pompano, ndikuyesa kumupatsa zikukanika. Mpeni umenewu ukangoutola umakhala Soulbound, wamatirira kwa iwe, sungapatse munthu, kaya kuugulitsa kwa ogulitsa a mu gemu kaya kuutaya basi. Ndinati chabwino bola ndiugwiritse ntchito aone kuti sunapite pachabe. Kuudina, zilembo zofiira. Kani mpeniwo gemu imauwerenga ngati lupanga, ndipo dwarf hunter sabadwa akudziwa malupanga, umayenera kupita ku Stormwind kwa Woo Ping kukalipira 10 silver kuti akuphunzitse. Ndinalakwitsa nkulemba zimenezo pa chat ya gulu. Msuweni anandichotsa m'gulu ndi dzanja lake, rogue anakalengeza dzina langa ku Westfall konse, kwa sabata ndikalemba kuti ndikufuna gulu anthu ankangoyankha kuti moni kwa Kapado.

Zikanathera pompo bwenzi zili bho. Koma mmawa mwake msuweni, pofuna kundiseka, analemba pa gulupu ya banja kuti mwana wanu usiku waba mpeni wa mzungu. Sanafotokoze china chilichonse, nkukagona. Azakhali anaimbira mayi. Ine ndikudzuka cha m'ma 10 ndikupeza mayi akhala pa mpando pabalaza, chitenje chomanga m'chiuno, nkhope ya pa bwalo la milandu.

Iwe, mpeni wa eni ake uli kuti?

Ndinati amayi si mpeni weniweni, ndi za pa kompyuta. Anati weniweni kaya wabodza, kabweze. Ndinati sizingatheke. Anati chifukwa? Ndipo ine, ndi tulo tanga, mmalo moganiza kaye ndinangomasulira liu lija mmene lilili, ndinati amayi mpeniwo unamangidwa ku mzimu wanga.

Mayi anaimirira pang'onopang'ono. Anafunsa kuti unautenga kuti. Ndinati kwa munthu amene tinamupha pa sitima pansi pa mgodi, koma musadandaule nanenso ndinafako kamodzi, ndinadzuka kumanda nkubwerera.

Pofika 4 koloko madzulo pabalaza panali abusa, amayi awiri a chigwirizano ndi amalume amene anachita kukwera kabaza kuchokera ku Ndirande. Laputopu ili pa tebulo pakati, aliyense wakhala patali nayo. Ndinayesa kuwaonetsa kuti taonani ndi gemu chabe, ndinatsegula, ndipo chinthu choyamba kuoneka chinali kadwarf kandevu kataima ndi nguluwe pambali pake. Amalume anaweramira kutsogolo nkufunsa kuti nanga nkhumbayo ndi ya ndani. Ndinati ndi yanga, ndimaidyetsa tsiku lililonse. Abusa anavula jekete.