Chiponde chathu chamaliza ngongole ya makina

Sabata yatha tinamaliza kubweza ngongole ya makina ogayira chiponde. Risiti yomaliza ndaimata pakhoma, pamwamba pa sikelo, ndipo aliyense wolowa ndimamuonetsa ngakhale sanafunse. Mundikhululukire, ndinaiyembekeza nthawi yaitali.

Amene munatidziwa kale pa Kapata mu msika uja wa ku Chipata mukukumbukira kuti tinayamba ndi mtondo wa ambuya anga. Ine ndi alamu anga tinkakazinga nshawa pa mbaula, n'kusinja mpaka mikono kuchita dzanzi, kenako n'kuthira m'mabotolo a mayonezi otsukidwa. Kuno kum'mawa nshawa si nkhani: nshawa za mtundu wa Chalimbana tinakula nazo, ndipo mbewu za MGV4 ndi MGV5 zochokera kumalo ofufuzira za ulimi a Msekera zafika m'minda yambiri. Chimene chinkandiwawa n'chakuti nshawa zathu zimakwera malole mumsewu wa Great East kupita ku Lusaka, n'kubwerera zili m'botolo lokongola pa mtengo woti mlimi amene anazilima sangaukwanitse.

Mu 2022 boma linakweza ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, zotchedwa CDF, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lina linapatulidwira magulu a amayi ndi achinyamata, lina la mphatso, lina la ngongole. Titamva pamsonkhano wa komiti ya chitukuko ya wadi yathu, alamu anga anaseka.

"Mlamu, ndalama za boma munazionapo zikufika pa mtondo?"

"Tiyeni tikalembetse, tikakanidwa sitidzafa," ndinatero.

Tinasonkhanitsa amayi anzathu a m'chilimba, tinalembetsa kopaletivu, tinatsegula akaunti ku banki, ndipo mwana wa achemwali anga anatilembera dongosolo la bizinesi pa kompyuta ya kusukulu kwawo. Kenako tinadikira.

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Nshawa zimatsika mtengo nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, ndipo ukaphonya miyezi imeneyo umagula kwa mavenda pa mtengo wawo. Mtima unathamanga, ndinapita kwa bambo wina wa kaloba kukakongola ndalama zogulira nshawa. Dzina sinditchula, poti mwina akuwerenga. Bambo, filiji yanga munatenga ija ndikhulupirira ikuzizira bwino, ndipo chiwongoladzanja chanu ndachisimbira amayi onse a mumsika kuti asadzayerekeze. Enanso amene anatipweteka ndi a sitolo ina ku Lusaka amene anatigulitsa makina ngongole itatuluka mu 2023. Mota inapsa mwezi usanathe, foni yawo n'kusiya kuyankhidwa. Anatiombola ndi mnyamata wokonza zigayo wa kuno konkuno ku Chipata, amene anaimanganso motayo ndi manja ake, ndipo mpaka lero ikulira.

Koma zonsezi zinali zing'onozing'ono poyerekeza ndi 2024. Mvula inadula pakati pa dzinja, mbewu zinauma zili chiimire, ndipo mu Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atatsika ku Kariba magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku. Tinkagona pa matumba pafupi ndi makina, babu likangoyaka pakati pa usiku tonse n'kudzambatuka. Amuna anga anafika pondifunsa ngati ndinakwatiwa ndi iwo kapena ndi chigayo.

Chovuta kwambiri chinali chuku. Nshawa zovutika ndi chilala zimagwidwa msanga ndi nkhungu imene imatulutsa poizoni wa aflatoxin, wowononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumupha. Alangizi a zaulimi anabwera kudzaphunzitsa kopaletivu yathu, ndipo anatiuza zinthu zimene ambirife tinkachita osadziwa: kuwaza madzi pa makoko kuti nshawa zisendeke msanga, kuyanika pa dothi, kutsekera m'thumba zisanaume. Tsiku lomwelo tinakhuthula matumba athu pa mkeka n'kusankha imodziimodzi. Zofota, zakuda ndi zoboola tinataya, mulu wake woti sindifuna kuukumbukira. Mayi wina wa m'gulu anati tisakanizeko pang'ono, ndani adzadziwa? Ndinamuyankha kuti chiponde chimenechi n'chimene amayi amathira m'phala la ana. Tinakhala milungu ingapo osagulitsa kanthu, ndipo gawo la ngongole la mwezi umenewo tinabweza ndi ndalama za chilimba.

N'chifukwa chake ndikamva anthu akunena kuti ndalama za magulu a chitukuko n'zongomwaza, mtima umandipweteka. Inde, alipo amene anapanga kopaletivu ya pa pepala, analandira, anagawana, gulu n'kufera pomwepo. Timawadziwa. Koma CDF inakwera kufika pa K30.6 miliyoni mu 2024 ndi K36.1 miliyoni mu 2025, ndipo ine pempho langa n'lakuti ipitirire, ndiponso kuti ndalama zina zizipita kwa ophunzitsa magulu ndi kuwayendera. Makina okha akanatipha ndi chuku chathu chomwe. Ngongole imeneyi ndi yozungulira, tikabweza ife ikapeza gulu lina, mwina la ofinya mafuta a mpendadzuwa ku Chadiza kapena oweta nkhuku ku Kasenengwa. Risiti ija ndimaionetsa chifukwa cha chimenecho.

Tsopano ndithokoze, ndipo musatope. Ambuya anga, amene mtondo wanu tausunga pakona ngakhale unang'ambika. Alamu anga, amene munaseka koma munali woyamba kusaina. Amuna anga, chifukwa chophikira ana nsima miyezi ya mdima ija, ngakhale inali ya mibulu. Apongozi, munatipatsa chipinda osafunsa lendi chaka chathunthu, Mulungu akudalitseni. Alangizi athu, mnyamata wa mota, amayi onse a m'kopaletivu amene zala zinachita zikang'a posankha nshawa. Alimi a ku Chipangali ndi ku Vubwi amene munavomera kuyanika pa thandala m'malo mwa pansi, ngakhale munkati tikukuvutitsani. Makondakitala a minibasi amene mumanyamula makatoni athu osaphwanya. Ndi inu makasitomala, makamaka amene munabwera nthawi imene mashelefu anali mbee, n'kunena kuti mudikira.

Chiponde chilipo, chosalala ndi chokhala ndi timibulu, chamchere pang'ono ndi chopanda mchere cha phala la ana. Sitithira shuga kapena mafuta ena, choncho mukaona mafuta ayandama pamwamba musadabwe, ingovundulani ndi supuni. Nsinjiro zotendera chibwabwa ndi lepu timagaya Lachisanu lililonse. A magolosale ku Katete, Sinda, Petauke ndi Lundazi, timatumiza pa katoni ndipo mutha kulipira pa foni. Pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale ndi pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti mudzatipeza ndi tebulo lathu, ndipo wolawa salipira. Mukabweza botolo lotsuka timachotsako pa mtengo.