Lamulungu ku Notre-Dame: limba linabwerera pamalo pake

Miyendo ikuwawa, koma ndilembe kaye ndisanagone. Lero ndinalowa m'tchalitchi cha Notre-Dame kuno ku Paris, ndipo m'malo moyang'ana kuguwa monga alendo anzanga, ine ndinatembenukira kumbuyo, pamwamba pa khomo lalikulu, pomwe pali limba la mapaipi.

Pa 15 Epulo 2019 moto utanyeketsa denga, ambiri tinkaganiza kuti limbali lapita. Silinapse ayi. Chinalivuta ndi fumbi la mtovu wa padenga, lomwe linalowa paliponse, ndipo fumbi limeneli ndi poizoni. Ndiye kuyambira Ogasiti mpaka Disembala 2020 amisiri analimasula. Choyamba kutsika chinali tebulo la makiyi, kenaka mapaipi, imodziimodzi, iliyonse ikulembedwa nambala kuti idzabwerere pa bowo lake. Mapaipi ake ndi pafupifupi 8,000! Ina ndi yaing'ono ngati cholembera, ina imafika mamita 10. Yaitali kwambiri yakutsogolo ija ndi chimango chathabwa cha m'zaka za m'ma 1730 anazitsukira pomwepo, poopa kuziwononga pozinyamula. Zina zambiri zinagawidwa kwa amisiri a madera atatu a ku France, ku Corrèze, Hérault ndi Vaucluse, komwe anasinthanso zikopa za nkhosa zomwe zimasunga mpweya.

Woimba amakhala ndi mizere 5 ya makiyi a manja, ina yoponda ndi mapazi, ndi zosinthira mawu 115. Maziko a mawu ake anayala ndi mmisiri wopanga malimba, Aristide Cavaillé-Coll, mu 1868. Louis Vierne, woimba limba wa tchalitchichi yemwe ankavutika kuona, anamwalira ali pa makiyi a limbali mu 1937, pakati pa kuimba.

Koma chandigwira mtima kwambiri ndi kuchuna. Kubweza paipi pamalo pake n'kochepa. Iyenera kulankhula mogwirizana ndi makoma a nyumbayo, ndipo makomawo anali atatsukidwa, mawu akuyenda mosiyana ndi kale. Masana kunali phokoso la omanga, choncho amisiri ankagwira usiku, miyezi ndithu, wina pa makiyi, mnzake m'kati mwa limba akumvetsera paipi imodzi mpaka itakhala bwino. Anthu amenewa ndimawapatsa ulemu waukulu, chifukwa pa 7 Disembala 2024, tsiku lotsegulanso tchalitchichi, pamene Arkiepiskopi Laurent Ulrich anachita mwambo wodzutsa limbali kuti liyambenso kulira, makamera anali pa oimba ngati Olivier Latry, osati pa iwo.

Litayamba kulira lero, mawu akuya aja ndinawamva m'chifuwa ndi pa mpando ndisanawamve m'makutu. Mayi wina pafupi nane anatsitsa foni yake, kusiya kujambula. Pa YouTube ndalimvera kambirimbiri, koma kunjenjemera kumeneku foni sikutenga. Ndinatuluka kunja kukuwaza mvula, n'kukwera sitima yapansi pa siteshoni ya Cité. Mawa ndikufuna ndikaone limba lina la Cavaillé-Coll, la m'tchalitchi cha Saint-Sulpice kuno ku Paris, lomwe analimaliza mu 1862.