Ntchito ya alamu anga pa Cahora Bassa, ndi zomwe amachita anzawo ku Lake Erie

Kwathu ku Ulongwe wa ku Mozambique ukanena kuti alamu ako amagwira ntchito ku nyanja anthu amangoti oo ndi msodzi eti, uwauze atitumizireko kapenta. Nde kuwafotokozera kuti ayi, bambo aja sagulitsa nsomba olo imodzi, ntchito yawo ndi kunyamula alendo pa boti kukawaonetsa pomwe pali nsomba, alendowo nkuwedza okha, kujambulitsa, kenako kuiponyanso m'madzi ikadali yamoyo, apa mpomwe nkhani imavutira. Mayi anga mpaka lero amati amenewo ndi masewera a anthu okhuta. Sindiwatsutsa kwenikweni, kungoti masewera omwewo ndi amene akuphunzitsa ana a achemwali anga.

Nyanja yake ndi Cahora Bassa. Ife a kumapiri kuno timangoidziwira magetsi, koma ndi chinyanja abale, kuchoka pa khoma la damu mmunsi mwa Songo kukafika ku Zumbo kumalire a Zambia ndi Zimbabwe ndi makilomita oposa 200. Khomalo anamaliza kumanga 1974, nde madzi a Zambezi atadzaza anamiza midzi, minda ndi nkhalango, mpaka pano muli mitengo yoima m'madzimo, ina nsonga zake zimaoneka ina zabisala chala chimodzi pansi. Munthu wosadziwa atha kuswa injini tsiku loyamba lomwelo. Alamu anga anakulira cha ku Chicoa pa bwato la abambo awo, mitengo imeneyi amaidziwa umodzi umodzi, amadziwa gombe lomwe mvuu zimakonda kugona, ndi maola omwe mphepo imayamba kukuntha mafunde. Pa loji pomwe amagwirapo anawalembera zimenezi, pepala la sukulu analibe.

Alendo ambiri ndi a ku South Africa ndi ku Zimbabwe, pena ogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize amabwera kumapeto a sabata. Mtengo amawerengera mu ma randi kapena madola, ndipo muli boti, gazolina, woyendetsa, ndodo zowedzera ndi nyambo, kuphatikizapo lisensa poti kuwedza kwa masewera nakonso boma limafuna pepala. Amanyamuka kusanache bwinobwino chifukwa dzuwa la ku Tete mukulidziwa, Okutobala limadutsa madigiri 40 ndipo pa boti palibe mtengo woti ubisale. Masana amabwerera kukapuma nkutulukanso dzuwa litapendeka.

Nsomba yomwe amaifunitsitsa ndi ncheni ya mu Zambezi, alendo amati tiger, osati ncheni ya m'nyanja ya Malawi ija, iyi ndi ina yamizere yakuda m'mbali ndi mano onga misomali. Chakudya chake chachikulu pa nyanjayi ndi kapenta, yemwe nayenso si wa kuno, anamutenga ku nyanja ya Tanganyika kukamuika ku damu la Kariba cha m'ma 1960 kumapeto, kenako anatsika yekha ndi mtsinje kudzakhazikika kuno. Maboti a kapenta amagwira usiku ndi magetsi owala, kapenta amasonkhana pa kuwalako, ncheni nazo zimatsatira kudzadya. Nde alamu akaona usiku pomwe magetsi aja achezera amadziwiratu pokayambira mmawa. Masiku ena amapita ku mitengo yomira ija kapena pomwe kamtsinje kakuthira m'nyanja, amayang'ana mbalame, mtundu wa madzi, amangoti tiyeni tisunthe apa palibe, mlendo ali ndi kamakina kake koonera pansi pa madzi koma mapeto ake amamvera iwo.

Kuwedza ncheni sizocheza ayi. Pakati pa chingwe ndi mbedza amaikapo waya chifukwa mano ake amadula chingwe kamodzi nkamodzi. Nyambo imakhala kachitsulo konyezimira kozungulira m'madzi, amakolekapo kachidutswa ka nsomba, kapena kapenta weniweni. Ikaluma imakoka mwamphamvu moti wosazolowera ndodo imamupulumuka, kenako imalumpha mmwamba nkumapukusa mutu, ndipo poti mkamwa mwake ndi mwa mafupa okhaokha mbedza sigwira msanga, zambiri zimathawa zili mmalere momwemo. Ine nditakwera nawo tsiku lina boti linalibe alendo ndinaona ndi maso, alamu akukuwa Chinyungwe ndi Chipwitikizi pamodzi, tsitsani ndodo alamu tsitsani, ine manja ali njenjenje. Apa mpamene ndinamvetsa chomwe anthu amalipirira. Ndiwo zokha akanakagula pa msika wa Kwachena ku Tete motchipa. Komanso ncheni ili ndi minga yambiri ing'onoing'ono, nchifukwa chake alendo kuiponyanso sikuwapweteka mtima.

Palinso vundu, chimlamba chachikulu chomwe chimatha kufika makilo 50. Nyambo yake ena amagwiritsa chiwindi cha ng'ombe, ena sopo wa buluu wochapira yemweyu, musaseke ndi zoona. Ameneyo salumpha, amangokokera pansi basi mpaka msana kuwawa.

Tsopano chomwe chandilembetsa zonsezi. Kunabwera mlendo wina wa ku Ohio ku America, nde pocheza madzulo anawaonetsa alamu zithunzi pa foni kuti kwathu ntchito yanuyi ilikonso. Alamu anadzandiuza, ine nkuyamba kuonera mavidiyo ake pa YouTube mpaka data kutha. Nyanja yake ndi Lake Erie, pakati pa America ndi Canada, kukula kwake pafupifupi ka 10 kuposa yathuyi koma ndi yosaya poyerekeza ndi nyanja zinzake zikuluzikulu za kumeneko. Nsomba zawo ndi walleye ndi perch. Walleye ili ndi maso akuluakulu onyezimira omwe amaona bwino kukakhala kamdima, nde imadya bwino mmamawa, madzulo kapena madzi akavunduka. Perch ndi kakang'ono, kachikasu kamizere yakuda, kamayenda m'magulu pansi penipeni.

Kawedzedwe kake nkosiyana ndi kathu. Pa walleye boti limayenda pang'onopang'ono likukoka zingwe zambirimbiri nthawi imodzi, zingwezo amazitambasula uku ndi uku ndi timatabwa toyandama kuti zisakolane, timatabwato tikabwerera mmbuyo amadziwa kuti yaluma. Pa perch amaponya nangula nkutsitsa mbedza ziwiri kapena zitatu pansi ndi tinsomba ting'onoting'ono ngati nyambo, gulu likapezeka ngakhale mwana amangozula. Woyendetsa boti amayenera kukhala ndi lisensa ya Coast Guard, nthambi ya boma yoyang'anira za pa madzi, ndipo lisensa yomwe ambiri ali nayo imalola kunyamula alendo osapitirira 6. Kumeneko nsomba yokwana msinkhu ambiri saponyanso ayi, amapita nazo kunyumba chifukwa nyama yake ndi yoyera yokoma, ndipo pa gombe pali anthu omwe ntchito yawo ndi kungotumbula ndi kuchotsa minga, umalipira padera. Tauni ina yotchedwa Port Clinton imadzitcha likulu la walleye pa dziko lonse, usiku wolowa chaka chatsopano amatsitsa chifanizo chachikulu cha nsombayi anthu akuwomba m'manja. Mpaka kuberana kuliko, 2022 pa mpikisano wina ku Cleveland amuna awiri anagwidwa atalowetsa zitsulo zolemera mmimba mwa walleye kuti sikelo ikwere, anakagona kundende ndipo boti analandidwa. Nde tisamati akuba pa sikelo ndi ogula chimanga a kwathu okha.

Koma chomwe chinandigwira mtima ndi malamulo. Ku mbali ya Ohio munthu mmodzi amaloledwa walleye 6 pa tsiku, ndipo yosakwana mainchesi 15, kunena kuti pafupifupi masentimita 38, imabwerera m'madzi. Perch nayo ili ndi malire ake malinga ndi dera. Chaka ndi chaka akuluakulu a zansomba a Ohio, Michigan, Pennsylvania, New York ndi Ontario amakhala pansi kugwirizana kuchuluka kwa nsomba zoti zigwidwe. Sanayambe anzeru chonchi, nyanjayo inaipitsidwapo ndi mafakitale moti 1970 usodzi wa walleye wogulitsa unaletsedwa chifukwa cha poizoni wa mekyule yemwe anapezeka mu nsomba. Pano ku mbali ya Ohio walleye yogwira kuti ukagulitse siloledwa, anaisiyira owedza ndi mbedza basi, pomwe ku Ontario asodzi a maukonde akugwirabe.

Apa ine ndi alamu tinasiyana maganizo pang'ono. Iwo amati bola kuno atachitanso ngati Ohio, maukonde achotsedwe, chifukwa akutha ncheni ndipo mlendo akabwera nkusagwira kanthu chaka chamawa sabwera. Amalankhula ngati munthu woteteza ntchito yake, ndikuwamva. Koma ine ndinati alamu, nanga abambo anu anakuphunzitsani ndi ndalama ya chani, si ukonde womwewo? Nsomba ya pende youma ya ku Chicoa yomwe imadziwika Mozambique yense, kapenta yemwe amafika mpaka pa msika wa kwathu, anthu angati akudyera mmenemo? Ku Ohio munthu akaletsedwa ukonde ali ndi kwina kolowera, ku Mágoè m'mbali mwa nyanjayi mvula ndi yochepa, chimanga sichipindula, nyanja ndiye munda. Chomwe ndingavomereze ndi kuthana ndi masikito omwe ena amakokera m'magombe, amene aja amasesa ndi tiana tomwe, ndi kupatula madera ena oswanirana nsomba kuti musalowe ukonde. Dera lina la kummwera kwa nyanjayi analipanga paki ya Mágoè mu 2013, ndiye poyambira palipo kale ngati olondera atamagwira ntchito moona.

Chinanso chomwe ndinaona m'mavidiyo aja, oyendetsa ambiri ku Erie boti ndi lawo, dzina lawo lalembedwa m'mbali, alendo amawaimbira foni iwo eni. Kuno wodziwa madzi ndi wina, mwini boti ndi wina. Alamu amalandira malipiro a pamwezi ndi kangachepe komwe mlendo wawapatsa pamanja akasangalala, pomwe alendo ena pobwerera chaka chinacho amafunsa dzina lawo kuti tikufuna yemwe uja. Sindikunyoza patarawu wawo mwini botiyo, boti la injini ziwiri ndi ndalama zambiri ndipo gazolina kukafika nayo kumeneko ndi ntchito. Kungoti zimandiwawa kuti njira yoti munthu ngati alamu atenge ngongole agule lake siioneka. Achemwali anga ali m'gulu losunga ndalama ndi amayi anzawo, akuti cholinga ndi injini yaing'ono kaye yakale, boti adzapangitsa la faiba. Ine ndinalonjeza kuti mbali ya Facebook ndi WhatsApp ndidzawathandiza, chifukwa Chizungu cha alamu chimathera pa nsomba.

Amene mukufuna kukayesa, musaganize kuti ndi za azungu okha. Mukasonkherana anthu anayi kapena asanu theka la tsiku zimatheka. Tchapa, minibasi ya ku Songo, mumakwera mu mzinda wa Tete, ndi makilomita pafupifupi 150 kudzera ku Chitima, ndipo miyezi yabwino ya ncheni ndi yotentha ija, Seputembala mpaka mvula isanayambe. Tengani chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi madzi akumwa ambiri. Funsiranitu ngati mtengo akutchulawo muli gazolina, chifukwa ena amadzawerengera padera pobwerera. Kolete yoyandamitsa valani olo mukudziwa kusambira, kusambira kwa mu mtsinje wa Mawe kwathu kuno ndi kwa pa nyanja nkosiyana, ndipo dzanja musamalitsitse m'madzi boti likaima, ng'ona za kumeneko ndi zambiri. Nsomba ikalowa m'boti musathamangire kuigwira kukamwa, asiyireni eni ntchito achotse mbedza ndi pulayala.