Tsiku limodzi ku Kyoto: Inari, Kiyomizu, Nishiki ndi bafa la anthu onse

Kyoto, ku Japan, kumapeto kwa Novembala.

Kunacha kozizira. Cha m'ma 6:30 sitima ya JR Nara Line inali isanadzaze, ndipo kuchoka pa Kyoto Station kukafika pa Inari ndi mphindi 5 zokha. Njira yosavuta yolipirira ndi khadi la ICOCA, lomwe mumagunditsa pageti polowa ndi potuluka. Pogula khadili, mayeni (ndalama za ku Japan) 500 amakhala chikole, choncho mukapereka 2,000, zoyendera ndi 1,500.

Kachisi wa Fushimi Inari ali pafupi penipeni ndi siteshoni. Salipiritsa, komanso satseka usiku. Anayamba mu 711 ndipo ndi wa Inari, mulungu wa mpunga m'chipembedzo cha Shinto. N'chifukwa chake zina mwa nkhandwe zosema zimene zili ponseponse zaluma kiyi wa nkhokwe. Polowa pali posambira m'manja, ndipo kusambako kuli ndi ndondomeko yake. Chikho mumachigwira kumanja n'kusambitsa dzanja lamanzere, kenako mumasintha n'kusambitsa lamanja. Mukatero mumathira timadzi m'dzanja lamanzere, kuchukucha mkamwa n'kulavulira pansi chapambali, ndipo pomaliza mumaimika chikho kuti madzi otsala atsuke chogwirira. Zonsezi ndi madzi otunga kamodzi, ndipo chikho sichikhudza pakamwa. M'makachisi ena anachotsa zikho nthawi ya Covid, moti madzi amangotsika okha. Opemphera amawerama kawiri, kuwomba m'manja kawiri, n'kuweramanso kamodzi. Kuwomba m'manjaku ndi kwa Shinto. Ku kachisi wa Abuda sachita.

Zipata zofiira, zotchedwa torii, zilipo masauzande, ndipo zandandalikana mpaka pamwamba pa phiri la mamita 233. Anazipereka ndi makampani komanso mabanja. Maina awo ndi madeti analembedwa kumbuyo kwa mizati, ndiye amaoneka bwino potsika. Alendo ambiri amathera m'munsi kujambulana, koma wopirira mphindi 30 kapena 45 amafika pamphambano ya Yotsutsuji pomwe mzinda umaonekera patali, ndipo kuchokera pamenepo anthu amachepa kwambiri. Kuzungulira phiri lonse ndi maola awiri kapena atatu. Pofika 10 koloko m'munsi muja munali mutadzaza moti anthu ankangoyenda pang'onopang'ono, phewa ndi phewa.

Kupita ku Kiyomizu kuchokera kuno, yabwino ndi sitima ya Keihan: kukwera pa Fushimi-Inari, kutsika pa Kiyomizu-Gojo, kenako kuyenda chokwera mphindi 20 kapena kuposerapo. Mabasi a mzinda amakwereredwa kumbuyo, kutsikira kutsogolo, ndipo mtengo ndi umodzi, mayeni 230, wolipira potsika. Koma nyengo ino ya masamba ofiira, basi 206 imafika itadzaza kale. Ovutika kwambiri ndi eni mzinda, agogo opita kuchipatala ndi ana a sukulu, amene amatsala pasiteji chifukwa alendo adzaza ndi masutikesi. Amene miyendo ili bwino ayende pansi, ndipo katundu amusiye m'maloka a pasiteshoni.

Kiyomizu-dera ndi kachisi wa Abuda wa mu 778, ngakhale nyumba yaikulu imene ilipo lero inamangidwa mu 1633. Khonde lake lili pamtunda wa mamita pafupifupi 13, pa mizati yamatabwa yolumikizidwa popanda msomali. Kuti muone luso limeneli tsikirani kumunsi kwa khondelo, komwe madzi a Otowa amagwa m'mipope itatu, muyang'ane m'mwamba. Kobwerera ndi m'tinjira tamiyala ta Sannenzaka ndi Ninenzaka, toterera mvula ikagwa.

Nkhomaliro inali ku msika wa Nishiki, kutsidya la mtsinje wa Kamo. Ndi kamsewu kopapatiza ka mamita pafupifupi 400, kofoleredwa, kokhala ndi mashopu oposa 100: nsomba, mazira okulungiza, tofu (chakudya chopangidwa ndi soya), ndi masamba oviikidwa mu mchere kapena m'gaga wa mpunga. Lamulo la pano ndi lakuti chimene mwagula mudyere pashopu pomwepo, osati chiyendere. Chifukwa chake chimaoneka msanga. Njira ndi yothina, msuzi ungathimbirire wina, komanso kamtengo kobayira chakudya mulibe pokataya. Mabini m'misewu ya ku Japan ndi osowa, ndiye chinyalala mumachibwezera kwa wogulitsa kapena mumachisunga m'kajumbo mpaka kogona. Ndalama siziperekedwa pamanja koma pakambale kali pakauntala, ndipo kusiyira woperekera zakudya kangachepe kothokoza sikuchitika. Akhoza kukutsatirani kuti akubwezereni. Timitengo todyera musatizike mumpunga, ndipo musalandirane chakudya timitengo ndi timitengo. Zonse ziwirizi zimakumbutsa mwambo wa maliro. Mashopu ambiri amatseka cha m'ma 6 koloko madzulo.

Dzuwa mwezi uno limalowa 5 koloko isanakwane. Ku Gion, dera lakale la mzindawu, nyali zinali zitayaka, ndipo anthu anali atadzaza msewu wa Hanamikoji kudikira geiko, amayi osangalatsa alendo ndi magule ndi nyimbo zachikhalidwe, ndi maiko, amene akuphunzira ntchitoyi. Amayiwa amakhala ali paulendo wa kuntchito. Kuwatsekera njira ndi kuwakoka zovala kunafika poipa moti kuyambira mu 2019 kujambula m'tinjira ta eni ake n'koletsedwa, ndipo zikwangwani zimatchula chindapusa cha mayeni 10,000. Kuima chapambali n'kuwasiya adutse n'kokwanira.

Usiku, sento, bafa la anthu a m'dera. Mtengo wake umapitirira pang'ono mayeni 500. Nsapato zimatsala m'kabati pakhomo, ndipo kawirikawiri katani yabuluu ndi ya abambo, yofiira ya amayi. Zovala zonse zimavulidwa. Choyamba mumakhala pakampando n'kusamba ndi sopo mpaka thovu lonse litachoka, chifukwa madzi a m'thanki ndi a aliyense ndipo ndi ongoviikamo thupi loyera kale. Kusamba choimirira kumawaza oyandikana nawo. Kathaulo sikalowa m'madzi. Ambiri amakapinda n'kukaika pamutu. Madzi amatentha madigiri 40 mpaka 42, ndipo wosazolowera akakhalitsa n'kudzuka mofulumira amachita chizungulire, choncho mphindi 5 n'zokwanira, kenako kupuma. Amene ali ndi zojambula pakhungu afunse kaye pakhomo: ma sento ambiri amalola, pomwe malo ambiri a akasupe otentha amakana. Musanabwerere kovalira finyani kathaulo kaja mudzipukute, kuti musanyowetse pansi pomwe ena akuvalira masokosi.